Chitseko cha chipinda chakumapeto

Malemu amuna anga anali akatswiri poyamba zinthu. Ankacheka matabwa ku Chikangawa, ndipo ntchito itawathera, zipani zitangochuluka kumene, tinatsikira ku Jenda kukachita geni ya chimanga. Kumeneko anaumba njerwa okha, kumanga nyumba ya zipinda zitatu, malata n'kukhoma. Koma chipinda chakumapeto anachisiya chopanda chitseko. Tinkangotchingapo ndi thumba la feteleza, mphepo ya mwezi wa Juni n'kumalowa mmene ikufunira.

Zinkandipsetsa mtima. Munthu wodziwa matabwa ngati iwo, chitseko chimodzi n'kuwakanika? Matabwa a paini anali pomwepo, otsamira khoma, mpaka anada. Ndikawakumbutsa ankangoti mawa, ine n'kuwauza kuti mawa lawolo lamera imvi.

Tsiku lina nditawapanikiza kwambiri anandiyankha osandiyang'ana. "Mayi, munthu akamaliza nyumba kuchilendo, ndiye kuti kwawo watsanzika."

Kwawo kunali ku Dedza. Anachokako ali mnyamata, koma munda wa amayi awo ankaukamba ngati anausiya dzulo. M'mutu mwawo ife ku Jenda tinali ongodutsa, ngakhale ana athu anali atayamba kale kukangana m'Chitumbuka.

Amayi awo atamwalira tinapita kumaliro. Tinapeza mundawo ukulimidwa ndi ana a mlongo wa amuna anga, monga mwa mwambo wakumeneko, ndipo palibe amene analakwa. Anatilandira bwino, amuna anga n'kuwapatsa mpando wa alendo pakhomo pomwe anabadwira. Maliro atatha tinabwerera ku Jenda pa basi.

Kutacha ndinamva sowo ikulira kuseri kwa nyumba. Anapala matabwa aja, ndipo pofika masana chitseko chinali pamalo pake, chotseka bwino, chosalira n'komwe. Mayi woyandikana nafe, mbadwa ya komweko, anabwera kudzaona nati, "Yewo chomene, adada, sono ndimwe ŵakwithu," kutanthauza kuti tsopano takhala akwawo. Amuna anga anangomwetulira n'kusasa utuchi m'manja.

Ine amene ndinalongolola zaka zonsezo ndinalephera kukondwa. Ndinkayesa kuti kumaliza n'kungofikitsa pamapeto chimene unayamba. Koma amene anayamba nyumba ija anali mlendo woyembekezera kubwerera kwawo, pamene amene anaimaliza analibenso kobwerera. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

Ndinatola thumba lija pansi kuti ndikataye kudzala. Iwo anandigwira mkono nati, "Lisiyeni kaye."

Ndinalipinda n'kuliika pansi pa bedi. Lilipobe mpaka lero, ngakhale eni ake tinawaika kuno ku Jenda.