Ndinakana Sola Chifukwa cha Marjory

Anzanga, ine ndi Abednego tinakumana mu ET, ma Peugeot aja ankanyamula anthu kuchokera ku Harare kubwera ku Chitungwiza. Munali mu 1987, ndili ndi zaka 22.

Anatipanikiza anthu anayi kumbuyo, maondo kugundana. Iye anali atanyamula batire la galimoto pamiyendo.

"Mhoro sisi, samalani siketi yanuyo, asidi amaboola nsalu."

Nditamva Chichewa, ndinaseka. "Kodi ndinu wakwathu?"

"Bambo anga ndi a ku Ntcheu, koma ine ndi wa ku Unit A, ku Chitungwiza konkuno."

"Ine ndine Rozina, wa ku Zengeza 1. Makolo anga ndi a ku Dedza."

Mmene ndinkatsika, anali atadziwa kale benchi yomwe ndinkagulitsira masamba ku msika wa Chikwanha. Loweruka anabwera kudzagula repu. Loweruka linalo anabweranso... Munthu wokhala yekha, repu mitolo isanu!

Tinakondana, anzanga. Iye ankagwira ntchito ya zamagetsi pa fakitale ina m'tauni. Ine ndinali nditatopa ndi kulawirira ku msika wa Mbare ku Harare kukaoda ndiwo, ndinkafuna dimba langalanga. Amalume ake anatipatsa malo pafupi ndi mtsinje wa Manyame, pali chitsime kale. Koma chaka chimenecho mvula inavuta, ndipo kuthirira ndi kheni kunkatithyola msana.

"Tigule pampu," anatero Abednego. "Ukwati udikire pang'ono, zomwe tasungazi zipite ku dimba."

Ndinavomera. Magetsi kunalibe kumeneko, ndiye panali njira ziwiri: pampu ya dzuwa kapena windimilo yoyendera mphepo.

Apa ndi pomwe Marjory analowera.

Anaphunzira limodzi ndi Abednego ku sekondale, ndipo ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mapampu ndi masola m'tauni. Anabwera kudzaona malowo atavala thalauza, tsitsi la pemu. Anakwera pachulu n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Abe, come and see."

Abe! Ine chibwenzi chake sindinamuitanepo choncho.

"Malo ano ndi otsika," anatero Marjory. "Mabulugamu awo ndi miyala iyo zikutchinga mphepo. Musagule windimilo musanayese. Mangani kansalu pamtengo wautali, muziona tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo. Koma dzuwa lilipo lambiri. Sola ndi yodula poyamba, choncho yambani ndi yaing'ono ndi thanki imodzi. Iyang'ane kumpoto, muziipukuta fumbi, muimangirire bwino chifukwa cha akuba."

Abednego ankangogwedeza mutu, maso ali pakamwa pake.

"Ndipo musanagule chilichonse, funsani kuti chikawonongeka akonza ndani, masipeya muwapeza kuti. Mukatenga sola, ndizibwera mwezi uliwonse kudzaiona."

Mwezi uliwonse! Zina zonse zija zinandidutsa, ine ndinangomva zimenezo.

Marjory atakwera basi, ndinamuyamba Abednego.

"Ndiye azibwera mwezi uliwonse eti, a Abe?"

"Rozina, ndi ntchito yake."

"Ntchito yake ndi kukugwira paphewa?"

"Amatsika pachulu, akanagwa."

"Akanagwa kumene! Ine sola sindikuifuna. Ndamva kuti pa famu ina ku Beatrice akugulitsa windimilo yakale, yotchipa."

"Koma wamva zomwe wanena za mphepo..."

"Sankha. Sola ndi Marjory wakoyo, kapena windimilo ndi ine."

Anandiyang'ana. Kenako anati, "Zvakanaka, chabwino."

Kansalu kaja sitinamange n'komwe. Tinaimika windimilo mu Ogasiti, mwezi wa mphepo. Inazungulira, madzi anadzaza thanki, ine kuvina m'dimba. Mumtima ndinkati, Marjory ali kuti tsopano?

Titalowa Novembala kunatentha koopsa, mvula osabwera. Pamwamba pa mabulugamu masamba ankagwedera, koma windimilo ili chiimire, masiku anayi, asanu. Tsiku lomwe mphepo inabwera, pampu inakana kukoka madzi, zikopa zam'kati zinali zitatha. Abednego anazungulira Harare yense, za mtundu wakalewo osazipeza.

Tinabwerera ku makheni, koma tinali titadzala dimba lalikulu kudalira pampu. Tomato anafota ali ndi maluwa. Repu anapsa.

Ine m'malo mopepesa, ndinkanunkhiza malaya ake. Akachedwa m'tauni ndinkati, "Unali kusitolo kuja eti?"

Tsiku lina masana tili m'dimba louma lija, Abednego anaika kheni pansi.

"Rozina, dimba silikundiwawa kwenikweni. Tikhoza kudzalanso. Koma sunakane sola iwe, unakana kundikhulupirira. Ndatopa."

Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Khirisimasi inatipeza titasiyana.

Patapita zaka ziwiri, ndinamva kutchalitchi akulengeza ukwati: Abednego ndi Marjory. Anzanga! Azimayi onse kutembenuka kundiyang'ana.

Ndinakumana ndi Abednego pa mashopu a Makoni sabata yomweyo. Ndinamuimitsa.

"Undiuze zoona. Munayamba liti?"

"Iwe ndi ine titasiyana kale."

"Ukunama!"

"Waona? Ngakhale lero."

Anapita.

Mpaka pano sindidziwa. Masiku ena ndimati ndinaona bwino pachulu paja. Masiku ena ndimati ndinamutenga ndekha n'kukamupereka. Ndinamva kuti anadzatsegula bizinesi yoika masola m'makiliniki akumidzi, awiriwo, ndipo ndikaganiza kuti mkaziyo amakhala kutsogolo m'galimoto yake, nsanje imandigwirabe.

Chomwe ndikudziwa n'chakuti malangizo ake anali oona, ndipo ndinawakana chifukwa cha pakamwa pomwe anatulukira. Anzanga, ngati simukumukhulupirira munthu, muuzeni poyera. Ine ndinabisa nsanje yanga m'nkhani ya pampu, ndipo ndinataya dimba ndi mwamuna yemwe.