Maliro a Mlatho wa ku Chinyonga

Tsiku limene mlatho wamatabwa wa ku Chinyonga unathyoka, Cecilia anali pakati pake, dengu la tomato lili pamutu. Anavuuka ndi nsapato imodzi. Tomato anapitiriza ulendo yekha.

Popanda mlathowo, njira ya kumsika wa Limbe inatalika kawiri. Cecilia akamafika, pamalo pake pamakhala patakhala kale ena, ndipo ana ake atatu anayamba kugonera phala. Mayi wamasiyeyu, amene sukulu analekezera Sitandade 6, anayamba kulembera makalata khansala wa deralo, a Ignatius. Zaka ziwiri zathunthu, ku ofesi yankho linali limodzi: "Abwana ali kumaliro."

Funso nali, owerenga: munthu wosapezeka mu ofesi koma wosaphonya maliro, mungakumane naye bwanji?

Loweruka lina m'mawa, Cecilia anayala masamba pamsewu monga timachitira pakagwa zovuta. A Nooruddin, mwini sitolo ya nsalu ku Limbe, amene antchito awo ankachedwa chifukwa cha mlatho womwewo, anabwereketsa tenti ndi mipando.

"Mayi, ine sindikudziwapo kanthu," anatero. "Koma mipando ibwerere yonse."

Amayi a mumsika anakhala pansi m'mbali mwa mtsinje n'kuyamba nyimbo. Aminibasi anazimitsa mawailesi. Apanjinga anatsika, zipewa kumanja.

Teni koloko isanakwane, galimoto ya khansala inatulukira. Bwanayo anatsika nkhope ili yakugwa.

"Pepani anamfedwa, pepani. Watisiya ndani?"

Cecilia ankadziwa kuti maliro saseweretsa. Koma anaimirira.

"Ndi mlatho, bwana. Wadwala nthawi yaitali. Za matenda tinkakuuzani, koma munali kumaliro ena."

A Ignatius anayang'ana galimoto yawo. Koma mwambo ndi mwambo: wamkulu sachoka pamaliro asanalankhule. Mafoni anali m'mwamba kale, kujambula.

"Malemuwa," anayamba, "anali othandiza anthu."

"Nanga adzauka liti, biggie?" anakuwa kondakitala wina.

"Mvula... mvula isanagwe."

"Mwamva nonse?" anafunsa Cecilia.

"Tamvaaa!"

Mwezi unatha kuli zii. Cecilia sanapse mtima. Anangotumiza uthenga waulemu kuti abwana akuitanidwa ku mwambo woika chiliza, ndipo atolankhani avomera kubwera. Simenti inafika Lachitatu.

Lero pamtsinjewo pali mlatho wakonkire, ndipo Cecilia amafika pamsika ena asanayale n'komwe. Anamusankha kukhala wapampando wa komiti ya chitukuko, ndipo anthu ochokera mpaka ku Nancholi amabwera kudzatapa nzeru.

Inu amene mwagogoda mpaka zala kutupa, musagwe mphwayi. Chitseko chikakana kutseguka, fufuzani kumene mwininyumba amakonda kupita, mukamudikirire komweko.