Nkhuku ya Nyuwere ya a Nester

Aliyense amene anagulapo kalongonda pamsika wa Namadzi akuwadziwa a Nester, mayi wamfupi wa liwu lalikulu amene ankakhala ndi beseni lake pafupi ndi poima maminibasi. Kalongonda, nyemba zija zoledzeretsa, safuna munthu waphuma. Umamuphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, apo ayi odya amachita chizungulire ngati amwa kachasu. Wa a Nester sanadwalitsepo munthu. Ine ndinkagulitsa tomato pambali pawo, ndipo kwathu cha ku Mbulumbuzi nyumba zathu n'zoyang'anizana, choncho zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa wina.

Mayiwa ndi Mkatolika weniweni, kolona m'khosi, koma pa nkhani ya Nyuwere ngakhale abambo mfumu anawalephera. Lamulo lawo, limene ankati analitenga kwa amayi awo, linali lakuti zochitika pakhomo tsiku loyamba la chaka n'zimene zizichitika chaka chonse. Ndiye tsikulo pankayenera kupsa mpunga ndi nkhuku, kaya Januwale wabwera ndi njala yotani. Kukangana kunali koletsedwa, koma choletsedwa kwambiri kunali kulira. Mwana akagwa n'kuyamba kukwinya nkhope, ankamutseka pakamwa ndi chiwindi cha nkhuku misozi isanatuluke. Tinkawaseka, inde, komatu mpungawo tinkadya nawo.

Nyuwere yapitayi lamuloli analiumirira kuposa kale, chifukwa cha mwana wawo Mathero. Mtsikanayu anali atapita padera kawiri, ndipo tsopano anali ndi pakati pena, potopa, akuyembekezeka kuchira mu Febuluwale. A Nester ankanena poyera kuti m'nyumba mwawo mukangomveka kulira pa Nyuwere, khanda limenelinso lipita. Ine ndinkawauza kuti zimenezo asiyire anamwino a kusikelo. Ankangondiyang'ana ngati ndine mwana wa dzulo.

Amuna awo, a Francisko, anali chigonere kuyambira nthawi yokolola nandolo, mbali imodzi itafa ziwalo. Kuyankhula kunkawavuta, koma kudya ankadya ndithu. M'mawa wa tsikulo a Nester anawasambitsa, kuwaveka malaya oyera, n'kupita ku Misa. Atabwerako anapha tambala. Ine ndinawathandiza kusosola, Mathero akupeta mpunga pakhonde, anansi akubwera mmodzimmodzi ngati angodutsa, pomwe fungo ndilo lawaitana.

Nkhuku itapsa, a Nester anapakula ntchafu ndi msuzi kukapatsa amuna awo kuchipinda. Anakhalitsako. Potuluka anakoka chitseko n'kuchimanga ndi kawaya kake, mbale ili m'manja yosakhudzidwa. Anati bambo agona, wina asawasokoneze. Ndinaona kuti milomo yawo yauma, koma ndinkati ndi utsi ndi kutopa. Chakudza sichiyimba ng'oma. A Francisko anali atatisiya, ife osadziwa.

Tinadya. Sindinama, nkhukuyo inali yokoma. A Nester anayatsa wailesi, anagawa thobwa, anamuumiriza Mathero kuti aonjezere mpunga. Anaseka nafe limodzi.  Iwo eni sanalawe kanthu, ankangoti wophika amakhuta fungo. Dzuwa litalowa tinabalalika, mayiwa n'kukadzitsekera ndi mtembo osatulutsa ngakhale liwu.

Kulira kunamveka m'mawa mwake. Abale a malemu anafika kuchokera ku Namitambo, koma anthu osambitsa maliro sapusitsika. Atangogwira mkono anadziwa kuti munthuyu sanamwalire lero. Mlongo wawo wa a Francisko, mayi wachikulire wosaopa munthu, anawafunsa a Nester pamaso pa anthu onse, ndipo iwo sanabise.

"Anatisiya dzulo masana, alamu. Ndimateteza pakati pa mwanayu."

"Ndiye mlongo wanga ali gone m'nyumba ngati thumba la chimanga, inu panja mukutafuna mafupa ndi wailesi?"

Kwathu kuno maliro sabisa. Munthu akatsikira kuli chete umauza eni mbumba ndi amfumu nthawi yomweyo, ndipo wobisa anthu amati ali ndi chifukwa chake. Mawu oti ufiti sanachedwe kutuluka. Ena anati mayiwa anapha mwamuna kuti bizinezi iyende, bizinezi ya beseni limodzi la kalongonda. Zinandipsetsa mtima, ndipo ndinatukwanizana ndi anthu angapo pamsika, ena mwa iwo omwe aja ananyambita mbale tsiku limenelo. Koma kunena zoona, nanenso ndinakhumudwa nawo a Nester. Anatidyetsa phwando pamaliro osatifunsa, ndipo zimandiwawabe.

Kalongonda wawo anasiya kugulidwa. Ankabwerera nalo beseni lodzaza, kukhuthulira kudzala, mawa n'kuphikanso. Kenako analeka kupita kumsika. Ku mapemphero a kumphakati ankakhala pamphasa okha, anzawo atapanikizana mbali ina.

Mathero sanakalipe. Bambo ake ataikidwa, analongedza zovala n'kupita kwa apongozi ake ku Chiradzulu Boma, ati akakhale pafupi ndi chipatala. Kwa ife mkazi akatopa amadikirira pafupi ndi amake, ndiye aliyense anamva tanthauzo la ulendowo. A Nester okha ndi amene ankanamizira kusamva. Ankati zonsezi apirira, bola mwana abadwe wamoyo.

Anabadwadi wamoyo, mu Febuluwale, wamwamuna, wonenepa. Uthenga unabwera ndi wakabaza, si kuti anachita kutumidwa, anangotchula pocheza. A Nester anavina pabwalo okhaokha. Patatha milungu ingapo anamanga ufa ndi mtedza m'kansalu, n'kundipempha kuti ndiwaperekeze. Njira yonse ankangonena za m'mene akam'berekere mdzukuluyo.

Tinam'peza Mathero pakhonde akuyamwitsa. Anatilonjera mwaulemu wonse, ulemu umene umapatsa alendo. A Nester anakhala pansi, anaika kamtolo kawo pambali, n'kutambasula manja onse awiri.

"Waona, mwanawe? Wakhala moyo. Bwera naye ndimuone."

Mathero anafunditsa khandalo chitenje n'kulikokera pachifuwa.

"Amayi, ababa anafera kuseri kwa khoma ine ndikuseka pakhonde. Simunandilole ngakhale kuwatseka maso."

Manja a a Nester anakhala choncho m'malere kwa kanthawi, kenako anawabweza pamiyendo. Ine ndinayang'ana pansi, manyazi ndi chisoni zitandigwira limodzi. Apongozi aja anatipatsa tiyi, tinamwa, tinatsanzika.

Mwanayo ndikumva kuti tsopano akukwawa. Agogo ake sanamunyamulebe.