Tsiku limene seva inakana a Kanyemba

Lachiwiri lapitali a Kanyemba anatulukira kusukulu kwathu pa njinga yawo yakale ija, thalauza ili matope okhaokha. Anaphunzitsa zaulimi pano zaka zambiri, ndipo anapuma chaka chatha. Tsopano amalima kwawo cha ku Nachisaka. Ine ndimaphunzitsa masamu, komanso ndimasamalira seva ya pasukulupa, kompyuta imene imasunga manotsi, mayeso ndi zithunzi zathu m'kachipinda kuseri kwa laibulale.

Anati m'manotsi awo a fomu folo muli phunziro la mbozi za m'chimanga limene analemba asanalimbane nazo okha. Chaka chino zawadyera ndime yathunthu, aphunzirapo zambiri, ndiye amafuna kukonza phunzirolo ana asanalembe mayeso. Anakhala pa kompyuta, nalemba dzina ndi pasiwedi. Manotsi anawapeza bwinobwino. Koma pofuna kusunga zimene anasinthazo, makina anakana, ati alibe chilolezo.

Anayesanso. Kenako anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Aphunzitsi, ndiye kuti ndasanduka mlendo?"

Ndinawauza kuti atangopuma ndinawachotsa m'gulu la aphunzitsi n'kuwaika m'gulu la ongowerenga, momwe muli ana asukulu. Sanatsutse. Akanatsutsa bwanji, poti lamulo lochotsa opumalo analiyambitsa okha?

Inu amene simunaione seva yathu ikubwera, munaphonya. Linali dzinja, galimoto imene inainyamula inatitimira kutsetse, kutali ndi sukulu. A Kanyemba ndi amene anaikulunga m'pulasitiki, naimanga pakaliyala, n'kukankha njinga chikweza pamene ena tonse tikugwirira m'mbali kuti isagwe. Titaiyatsa, pasiwedi inali imodzi yokha, dzina la phiri limene timaliona tikaima pakhonde. Aliyense ankaidziwa, ngakhale a mlonda. Tikaweruka sitinkathamangira kunyumba. Wina ankaika nyimbo za kwaya, wina zithunzi za mpira, wina ankakonza Chingerezi cha mnzake osamupempha, tonse n'kumaseka. Masiku amenewo ndimawasowa.

Koma sanakhalitse. Tsiku lina tinapeza zithunzi zonse za ulendo wa kwaya zafufutidwa, ndipo mpaka lero sitidziwa anachita ndani. Posakhalitsa ana a fomu thuu analowa m'mayeso akudziwa kale mafunso. Pamsonkhano wotsatira a Kanyemba anaimirira, nati aliyense akhale ndi dzina lake ndi pasiwedi yake, ndipo pakhale magulu: ana aziwerenga basi, aphunzitsi azilemba m'maphunziro awo, mayeso aziwaona ahedi ndi owalemba okha. Anawonjezera kuti munthu akachoka pasukulu, chilolezo chake cholemba chithe tsiku lomwelo. Tinawomba m'manja. Palibe amene anaganiza kuti wochokayo adzakhala mmodzi wa ife.

Lachiwiri lija ndikanatha kungowapatsa pasiwedi yanga, nkhani n'kuthera pomwepo. Ambiri timatero. Koma yanga imatsegula chilichonse, mpaka zotsatira za ana, ndipo ndikudziwa kuti iwowo akanaikana.

Tinapita limodzi kwa ahedi, mayi Nankhoma. Anamvetsera, nati za mayeso ndi zotsatira zisakhudzidwe ngakhale pang'ono, koma manotsi a munthu saona chifukwa chomutsekera mwiniwake. Tinagwirizana kuti ndipange gulu latsopano la aphunzitsi opuma. Ali m'gululi azilemba m'foda, malo a pa seva osungira manotsi amene analemba okha, ndipo mphunzitsi wa phunzirolo aziyamba waona zosinthazo zisanafike kwa ana. Ntchito yake sinatenge nthawi. Chimene chinatenga chaka chathunthu ndi kuganiza kuti gulu lotere likufunika.

A Kanyemba analemba masana onse ndi zala ziwiri, monga kale, akudziyankhula okha. Pochoka anaima pakhomo akuvala chipewa.

"Ndibweranso tikakolola. Za kasungidwe ka chimanga nazonso ndinalemba mothamanga."

Ndakhala ndikuganizira nkhaniyi sabata yonse. Ife kutsanzikana timakudziwa. Timaphika mpunga, timagula nsalu, timanena kuti khomo ndi lotsegula nthawi zonse. M'mawa mwake timasintha loko. Sindikunena kuti n'kulakwa. Ndaona ndi maso anga zimene zimachitika aliyense akamalowa paliponse, ndipo ku pasiwedi imodzi ija sindingabwerere, ngakhale ndimaikumbuka mokoma. Chimene chikundivuta n'chakuti pogawa zilolezo timangodziwa anthu awiri, wam'kati ndi wakunja. Nanga amene anali m'kati moyo wake wonse, mutu ukugwirabe bwino, timuika pati?

M'maofesi a pa boma, m'zipatala, m'makalabu a alimi ku Bowe ndi ku Ntchisi, alipo ambiri onga a Kanyemba. Kusiyana kwake n'kwakuti ena akakanidwa kamodzi sabweranso, ndipo zimene aphunzira zimathera kumunda kwawo.

Kuntchito kwanuko, amene munamuvinira potsanzikana chaka chatha atabwera mawa ndi chinthu choti akonze, mumulowetsera khomo liti?