Kabotolo ka M'mawa

M'zaka zimene mafakitale a ku Kafue anayamba kuchotsa anthu ntchito, ine ndinkagwira mu labu ya pa chipatala china chaching'ono cha boma, ndipo ntchito yanga yaikulu inali kuyeza makhololo. Anthu amakwinya nkhope ndikanena choncho, koma ndi imene inkandidyetsa. Munthu akatsokomola masabata atatu osasiya, ankabwera kwa ife ndi kapepala, ife nkumupatsa timabotolo titatu. Koyamba ankalavuliramo pomwepo, kuseri kwa labu, ife tikumuyang'ana. Kachiwiri ankapita nako kunyumba kuti alavuliremo m'mawa akangodzuka, asanalawe kanthu. Kachitatu kanali ka pomwepo kachiwirinso, akabweretsa ka m'mawa kaja. Lamulo linali limenelo, ndipo ndinkalalatira aliyense wofuna kulidumpha.

Ndinkapaka makhololo pang'ono pa kagalasi, akauma nkuthira mankhwala ofiira, nkutenthetsa pansi pake ndi kanyale ka sipiriti mpaka nthunzi itatuluka. Kenako ndinkatsuka ndi asidi nkuthira mankhwala a buluu. Ukayang'ana pa maikulosikopu zonse zimaoneka za buluu, kupatula tizilombo ta chifuwa chachikulu. Timeneto sitisuluka. Timatsala tofiira, ngati tizidutswa ta ulusi.

Achimwene anga, oyamba kubadwa kwathu, ankagwira pa fakitale ina ku Industrial. Ankakhala m'nyumba ya kampani ku Estates pamodzi ndi alamu, ana atatu ndi amayi athu. Bambo, amene anachoka kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji, anali atatisiya kale. Ine ndinkachita lendi kachipinda pafupi ndi msika, koma Lamlungu lililonse ndinkapita kukadya kumeneko. Ndinkapeza amayi ali pa mbaula, akukazinga zitumbuwa zokagulitsa kwa anthu opita kuntchito, akutsokomola chifuwa chawo cha utsi chimene tonse tinachizolowera. Ana ankawayeseza, inenso ndinkawayeseza, iwo nkumatiopseza ndi chipande.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali chifuwa cha achimwene. Chinayamba nyengo yozizira, dzuwa linafika potentha chisanathe, ndipo ndinaona kuti aboola bowo lina pa lamba.

"Ba kalamba, ichi chifuwa chatenga myezi ingati manje?" ndinawafunsa tsiku lina, kuwatchula monga tinkatchulira mkulu wathu m'tauni muja.

"Iwe, ni fumbi ya pa nchito chabe," anayankha. "Wamene amvela m'mimba ndiye atsegula chitseko. Ine sinimvela kanthu."

Ndinkadziwa chimene ankaopa. Kufakitale kunkamveka mphekesera za mndandanda wa anthu oti achotsedwe, ndipo ankati oyamba kulembedwa adzakhala odwaladwala. Ntchito ikatha, nyumba nayo yapita. Komanso masiku amenewo munthu akangomuona pa benchi ya kulabu atagwira kabotolo, tauni yonse inkagamula kuti ali ndi matenda aja amene tinkaopa kuwatchula dzina. Kubwera kuchipatala anakaniratu. Ndiye ine, mwini lamulo, ndinaika kabotolo m'chikwama nkukawapatsira kunyumba.

Kanabwerako kali ndi malovu okhaokha, oyera, a thovu. Ndinapsa mtima. Ndinabwerera ndi kena nkuwauza pamaso pa alamu kuti, "Aya ni mata, ba kalamba. Muganiza nimasewela ku nchito? Nifuna yochoka mukati, ya kuseni mukangouka, yolimba." Anangokalandira nkukaika m'thumba la ovolosi.

Lachiwiri m'mawa alamu anakabweretsa pa ulendo wawo wokapikula ndiwo zamasamba ku Shimabala. Anakakulunga m'nyuzipepala ndipo kanalibe dzina. Nditatsegula ndinati eya, awa ndiwo makhololo, olimba, achikasu. Ndinachita zonse mwa nthawi zonse. Magetsi anali atathima, choncho ndinasendeza maikulosikopu pawindo nkutembenuza kagalasi kake koonetsa kuwala kwa dzuwa. Nthawi zambiri umafufuza mpaka khosi kuuma usanaone kachilombo ngakhale kamodzi. Tsiku limenelo sindinafufuze. Ndinangoika diso, pofiira ponseponse, tina titaunjikana milumilu.

Ndinaimirira, ndinakhala, ndinaimiriranso. Ndinayamba kufuna woti ndimunamizire. Magalasi atsopano sankabwera kawirikawiri, ndiye tinkawiritsa akale nkuwagwiritsanso ntchito, ndipo galasi lokandika limasunga zofiira m'mikwingwirima mwake. Ndinati ndi zimenezo basi. Ndinatulutsa limodzi mwa atsopano amene ndinkabisa m'dirowa nkuyambiranso. Zinatuluka chimodzimodzi. Ndinaitana mkulu wa labu, bambo wosalankhulalankhula amene anandiphunzitsa ntchito, osawauza kuti ndi za ndani. Anayang'ana kanthawi kochepa nkundifunsa kuti, "Uyu munthu ali kuti? Azapatsa nyumba yonse matenda."

Ndinawauza kuti abwera mawa. Sanabwere, chifukwa ine sindinapite kukanena. Nditaweruka ndinayenda mpaka pafupi ndi geti la fakitale, nditaona chikhamu cha amuna akutuluka ndi njinga zawo ndinabwerera. Lachitatu ndinaphwanya magalasi awiri, ndinathira buluu posafunika, ndinakalipira mayi wina wosalakwa amene anangofunsa kumene kuli chimbudzi. Ndinali ndi mantha, ndinene zoona. Mankhwala a chifuwa chachikulu analipo, koma munthu ankamwa miyezi yambiri, ndipo masabata oyambirira sakanatha kupita kuntchito popanda kalata ya kuchipatala. Kalata imeneyo ndi imene achimwene ankaithawa. Ndinkaona ngati ndanyamula nyumba yawo m'chikwama changa.

Lachinayi ndinapempha kuweruka msanga nkupita ku Estates. Dzuwa linali lisanalowe. Amayi anali pa mbaula pawo, mdzukulu wamng'ono ali kumbuyo. Ndinaitanira achimwene kuseri kwa nyumba, pa mtengo wa mango, nkuwauza osazungulira kuti ndapeza chifuwa chachikulu, tizilombo tambiri, ndipo ayenera kuyamba mankhwala mawa.

Anandiyang'ana, kenako anayamba kuseka. Kunali kuseka kwa munthu amene wapulumuka, mpaka anatsamira mtengo.

"Mwaona manje, makina yanu yamanama," anatero. "Siyenze yanga yaja makhololo."

"Yenze ya ndani?"

"Iwe unakana mata, unakamba ati ufuna yolimba. Ine ninapempha amama. Chifuwa chawo tonse tichiziba, ni cha utsi."

Anali akusekabe pomaliza mawuwo. Nthawi yomweyo amayi anatsokomola kutsogolo kwa nyumba, chifuwa chachitali, chochokera pansi, chonga chimene ndinkachimva tsiku lililonse pa benchi ya kulabu nkuthamangira kukatenga kabotolo. Achimwene anasiya kuseka. Ndinaona nkhope yawo ikugwa pang'onopang'ono, ndipo anakhala pansi pafumbi ndi ovolosi yawo.

"Mukunong'onezana chiyani kumeneko?" amayi anafunsa.

Ndinapita nkugwada pafupi nawo. Ndinayamba ndamasula mwana kumbuyo kwawo nkumupereka kwa alamu, chifukwa ana onse atatu ankagona chipinda chimodzi ndi agogo awo. Nditawafotokozera amayi, sanadabwe kwenikweni, anangoda nkhawa kuti ndiwakalipira achimwene.

"Usamudzudzule mlongo wako," anatero. "Ndinangomuthandiza kuti ntchito ingamuthere. Kodi si iwe wemwe unkanena kuti changa ndi cha mbaula?"

Ndinali ine ndithu. Nyengo zozizira ziwiri ndinakhala ndikudya zitumbuwa zawo, ndikuwayeseza kutsokomola, nditavala diresi lomwe ndinkavala poyeza makhololo a anthu osawadziwa. Chitenje chawo chinali chitayamba kuzungulira kawiri, ine maso anga ali pa lamba wa achimwene.

M'mawa mwake ndinawatenga onse awiri, amayi ndi achimwene, ndi alamu ndi ana omwe. Achimwene anakhala pa benchi, kabotolo kali m'manja, anthu akudutsa nkumawayang'ana, ndipo sanabise nkhope. Ndinalemba mayina pa timabotolo ndi dzanja langa nkuima kuseri kwa labu kuwayang'anira mmodzimmodzi, monga lamulo linkanenera. Amayi anandifunsa kuti apume kangati asanatsokomole. Ndinati katatu, amama, mokoka kwambiri. Anachita bwino kuposa odwala onse amene ndinawaphunzitsapo.

Achimwene nawonso anapezeka nacho, koma tizilombo tochepa. Anamwa mankhwala mpaka kumaliza ndipo anachira. Ntchito inawathera chaka chotsatira, tsiku limodzi ndi anzawo amene sanatsokomolepo nkamodzi komwe. Amayi anamwa awo mokhulupirika, m'mawa uliwonse, ine nditaima pambali ndi kapu ya madzi, koma mapapo anali atatha kale. Anatisiya mvula yoyamba isanagwe.

Ndinagwira ntchito ya mu labu zaka zambiri pambuyo pake, ndipo sindinalolenso kabotolo koyamba kutuluka pa geti, ngakhale munthu andichonderere bwanji. Koma si lamulo limenelo limene limandisowetsa mtendere. Ndikanalisunga bwinobwino, achimwene akanalavula okha kuseri kwa labu, ndipo amayi akanamwalira ine ndikunenabe kuti ndi utsi wa mbaula.