Tsiku limene ndinathena hoya ya adona

Ntchito yanga yoyamba ku Joni anandipezera Mayi Tembo, mayi wa ku Chipata amene tinadziwana kutchalitchi ku Vosloorus mu 1996. Iwo ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa mzungu wina wamasiye ku Primrose, ndipo wam'galadeni wa pamenepo anali atabwerera kwawo. Atandifunsa ngati ndimadziwa zomera ndinaseka. Munthu wa ku Dowa, wokulira m'munda wa fodya, n'kumufunsa zimenezo? Ntchitoyo inali ndi kachipinda kuseri kwa nyumba, kachitseko ndi kiyi wake. Ine ndinkagona pansi m'chisakasa cha malata cha mnzanga ku Dukathole, choncho kachipindako kanali kofunika kuposa malipiro. Sabata yomweyo ndinalembera mkazi wanga, amene ndinamusiya ndi khanda la miyezi itatu, kuti ayambe kukonzeka, malo apezeka.

Ntchito zambiri zinali zosavuta: kutchetcha kapinga ndi makina, kudulira mpanda, kusesa masamba, kutola manyi a agalu awiri. Koma pakhonde lotchingidwa ndi magalasi panali chomera chimene adona ankachitcha hoya. Chimayanga ngati nyemba, masamba ake ndi okhuthala, onyezimira ngati apakidwa mafuta. Nthambi zina anazikulunga pa waya wopindidwa ngati gudumu la njinga, zina zinakwera pa misomali mpaka kudenga. Anabzala ndi malemu amuna awo.

Chomeracho ndinadana nacho msanga. Maluwa ake ankadontha timadzi tomata, pansi n'kudzaza nyerere, ndipo fungo lake lotsekemera linkandichititsa mseru ndikalowa m'mawa. M'khwapa mwa masamba munkabisala tizilombo toyera ngati thonje. Lachiwiri lililonse ndinkatenga kamtengo kotokosera m'khutu, kukaviika mu sipiriti, n'kumapukuta tsamba ndi tsamba. Kachilomboko ukakaphwanya kamasiya zonanda pachala. Ndisanakhudze hoya, adona ankandiimirira kuti ndisambe m'manja ndi sopo. Koma kapu yanga ya tiyi, chitini chakale cha jamu, inkakhala panja pamodzi ndi mbale za agalu. Dzina langanso sanavutike kulidziwa. Ankandiitana Samisoni, dzina la amene anachoka uja, ndipo ine ndinkayankha chifukwa cha kachipinda.

Tsiku lovutalo linali Lachinayi, tsiku limene antchito a m'nyumba ankapuma, ndiye Mayi Tembo kunalibe. Adona ankapita kwa mchemwali wawo ku Boksburg kukagona komweko. Ali pagalimoto anandiuza kuti, "Samisoni, hoya yachita thengo. Uyikonze, Lamlungu kubwera alendo."

Ndinaima pakhondepo ndi sizasi yodulira maluwa, n'kuyang'ana chomeracho ndi maso a mlimi. Panali nthambi zazitali zopanda tsamba ngakhale limodzi, zikungolendewera. Panalinso timitu tolimba, tokhakhala ngati chala cha nkhuku, pamene maluwa anali atayoyoka. Kwathu aliyense amadziwa kuti duwa ndi mbala. Fodya timamuthena, kudula mutu wa maluwa ndi kuchotsa mphukira kuti mphamvu yonse ipite m'masamba. Ndinati adonawa akhala zaka zonsezi akudyetsa zinthu zopanda pake, lero aone ntchito ya munthu wodziwa.

Ndinagwira mwaluso, sindinama. Ndinapukuta sizasi ndi sipiriti, ndinadula mopendeketsa pamwamba pa mfundo, ndinachotsa nthambi zopanda masamba zonse. Timitu tija sindinasiye ngakhale kamodzi, ndinachita kukwera pampando kuti ndifikire ta kudenga. Ndowa inadzaza. Ndinakolopa pansi, ndinatsuka utomoni m'manja, ndipo ndinamwa tiyi m'chitini changa ndikudzitama.

Lachisanu m'mawa Mayi Tembo analowa pakhonde ndi tsache. Anayang'ana mmwamba, anayang'ana m'ndowa, n'kukhala pansi pasimenti.

"Achimwene, mwadziphera nokha."

Anatola kamutu kamodzi n'kundionetsa mizere yake. Anati hoya imatulutsa maluwa pa kamutu komweko chaka ndi chaka, n'chifukwa chake kamatalika pang'onopang'ono, ndipo tina mwa timene ndinadulato tinayamba kuchita maluwa malemu bwana ali moyo. Nthambi zopanda masamba zija ndi zatsopano, masamba amabwera pambuyo. Kukonza kumene adona ankanena kunali kuzikulunga pa waya ndi kumanga ndi ulusi mosathinitsa, basi. Anandifunsa chifukwa chake sindinadikire tsiku limodzi lokha, n'kumaliza ndi mawu akuti safunsa anadya phula.

Adona atafika analira ngati pamaliro. Anagwada pa ndowa n'kumatola timituto kamodzikamodzi, kutiika pa mpango woyera. Mayi Tembo anandipepesera mpaka mawu anawathera, anafotokoza za fodya, anatchula za mkazi wanga ndi khanda. Adona sanatembenuke. Anangoti, "Samisoni achoke lero. Kiyi asiye pawindo." Envulopu ya malipiro anaiika pakhoma la mpanda kuti dzanja lawo lisakumane ndi langa.

Ndinanyansidwa tsiku limenelo, ndipo kunyansidwako sikunathe. Ndinanyansidwa ndi munthu wodziwa kamutu kalikonse ka chomera chake, koma wosadziwa dzina la amene wakhala miyezi inayi akuchipukuta. Ndinanyansidwa ndi fungo lija, limene linandikanirira m'malaya mpaka mu tekisi ya ku Germiston. Koma kwambiri ndinadzinyansa ndekha. Chomeracho chinali cha mwini wake, chisoni chawo chinali chenicheni, ndipo ine ndinalowa ndi sizasi ngati ndili m'munda wa bambo anga, poganiza kuti chilichonse chobiriwira ndi fodya. Ndinabwerera pansi paja ku Dukathole, n'kulemba kalata yachiwiri yakuti mkazi wanga amasule katundu.

Ndagwira m'magaladeni ambiri kuchokera pamenepo, ndipo hoya ndakumana nayo kangapo. Ndimadula zouma zokha. Nthambi ikatalika kwambiri ndimaidula pamwamba pa mfundo, mwini wake akuona. Zopanda masamba ndimazikulunga pa waya, timitu sindikhudza. Kuikonda sindinaikonde, ndimapuma ndi pakamwa ndikaiyandikira.

Chipinda china cha kiyi ndinachipeza patadutsa zaka ziwiri. Mkazi wanga atatsika basi, khanda lija linali likuyenda lokha ndi kuyankhula. Nditatambasula manja, mwanayo anabisala kuseri kwa chitenje cha amake n'kufunsa kuti abambo awa ndi ndani. N'chifukwa chake mpaka lero, ndikapatsidwa chomera chimene sindinachilimepo, sizasi imakhala m'thumba kufikira nditafunsa mwini wake kuti andilozere ndi chala pamene akufuna ndidule.