Fanuel Longwe, Wotsika Panjinga

Fanuel Longwe sankapereka moni ali panjinga. Akaona munthu, kaya ndi mkulu wampingo kaya ndi mayi wosenza chinangwa, ankagwira mabuleki, n'kutsika, n'kutsamiritsa njinga pantchafu, kenako n'kupereka dzanja. Ankatero ngakhale pachitunda, ngakhale mvula ikugwa. Ntchito yake inali yogulitsa nsomba. Ankapikula usipa ndi utaka kudooko la ku Kande m'mawa n'kupita nazo kumidzi yakumtunda. Anzake ankafika msanga, nsomba zikadali zolimba. Iye ankafika dzuwa lili paliwombo, nsomba zitayamba kufewa, koma anthu ankadikira iyeyo.

Ine ndine Killion, telala. Makina anga ali pakhonde la golosale m'mbali mwa msewu, ndipo ndakhala pamenepo kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Anthu amabweretsa nsalu, ndimasoka, amatenga. Sindikumbukira munthu amene anandidikirapo.

Ine ndi Fanuel tinakulira limodzi. Pa ukwati wanga ndi Belita iye ndiye anandiperekeza. Majekete onse awiri ndinasoka ndine, koma lake ndi limene linakhala bwino. Chithunzi cha tsikulo tinachipachika pabalaza, ndipo alendo ambiri ankaloza iye n'kufunsa Belita kuti, "Bambo akunyumba ndi awa?"

Belita ankangoseka. Nthawi zina ankandiuza kuti, "A Fanuel akakupatsa moni umadziwa kuti ndiwe munthu. Inu, ada, mumapereka moni ndi chibwano."

Mkazi wa Fanuel atamwalira, amayi a m'mudzi ankamutumizira ndiwo. Mbale ya Belita inkapita yodzaza kuposa imene inkatsala pakhomo. Zimenezo ndinkaziona.

Atapitirira zaka makumi asanu, Fanuel anayamba kukula. Sindikunena za mimba. Tsiku lina anabwera ndi malaya ake a ku tchalitchi.

"Ada Killion, malayawa andikana. Batani la pakhosi silikufika."

Ndinamuyeza ndi tepi. Khosi linali litakuladi. Ndinamusokera kolala ina. Chaka chotsatira anabweranso, ndipo nditamupatsa dzanja, langa linasowa m'kati mwa lake. Zala zake zinali ngati nthochi. Nsapato zonse anazidula kumbuyo. Chibwano chinatuluka, mano anatalikirana, mawu anatsika n'kukhala ngati ng'oma yaikulu ya malipenga.

Kuno thupi likamakula timati munthu wapeza mtendere. Rabson, mwini tiyirumu yoyandikana ndi khonde langa, ankamukuwira akamadutsa.

"Ada Longwe! Nsombazo mumagulitsa kapena mumadya nokha m'njira?"

"Ndimadya mitu yokha, ada, inayo ndi ya makasitomala!" Fanuel ankayankha choncho atatsika kale panjinga.

Ine ndinali ndikuwonda chaka ndi chaka, msana ukupindika pamakina. Ndinkamuyang'ana n'kumati, Mulungu akafuna kuwonjezera amawonjezera kwa yemwe ali nazo kale. Ankadandaula mutu, ankatuluka thukuta ngakhale mu Juni, koma ndani amamvera chisoni munthu wonenepa?

Kenako anayamba kudutsa anthu.

Woyamba amene ndinamva anali Belita. Anabwera kuchokera koviika chinangwa nkhope ili yolemera. Anatula beseni. Kenako anati, "A Fanuel andidutsa. Ndinali m'mbali mwa njira, pafupi chonchi. Osatsika, osacheuka n'komwe."

"Mwina anali ndi changu," ndinatero.

Tsiku limenelo ndinasoka madiresi atatu, mwendo uli wopepuka.

Ena anayamba kunena zomwezo. Chimene chinamugwetsa chinali maliro a mkulu wina kufupi ndi mlatho. Masamba amene timayala pamsewu posonyeza kuti pali zovuta anali atauluzidwa ndi lole. Abambo anali atakhala pansi pa mango, kumanzere kwa msewu. Fanuel anadutsa ali panjinga, chipewa chili kumutu, akuliza belu kuitana ogula. Ngakhale mlendo wochokera ku Lilongwe sangachite zimenezo. Akulu ampingo anamuitana. Iye analumbira kuti sanaone munthu.

"Anthu odzaza pansi pa mtengo, masana, simunawaone?"

Anamuimitsa pa udindo wolandira alendo pakhomo la tchalitchi. Kumidzi yakumtunda analeka kumudikira. Rabson ankati, "Thupi lakula, mutu wakulanso. Ife osauka sitionekanso." Ena ankanong'ona kuti anapita kwa sing'anga kukatenga mankhwala a bizinesi, ndipo chizimba chake n'kusapereka moni. Nsomba ankabwerera nazo. Ankakankha njinga kudutsa pakhonde langa, dengu likununkha, nkhope yake yaikulu ija ili yodabwa ngati ya ng'ombe yotayika.

Ntchito yanga ndi yokhala pansi, ndipo wokhala pansi amaona. Ndinaona kuti aliyense wobwera kutsogolo kwake ankamutsikira monga kale, ngakhale Rabson womunyozayo. Odutsidwa onse anali a m'mbali. Ndinaona mbuzi ikutuluka m'chinangwa n'kulowa m'wilo lake iye osagwira buleki. Tsiku lina ndinamupatsa thalauza lake ndili chakumanzere kwake. Ndinatambasula dzanja kwa nthawi, iye akungocheza ndi khoma. Nditalibweretsa patsogolo pa mphuno anati, "Aa, mwamaliza kale?"

M'mawa mwake ndinauza Belita. "Munthu uja si kunyada. Za m'mbali sakuziona."

Belita anasiya tiyi wanga wopanda shuga, n'kumanga chitenje, ulendo kwa Fanuel. Msana wanga wandipweteka zaka zambiri, koma sindinamuonepo akuyenda mothamanga choncho.

Anaitana Tawonga, mwana wamkazi wa Fanuel, amene ankaphika pa loji ina ku Chintheche. Anagwirizana zopita ndi Fanuel kuchipatala. Inenso ndinapita. Sindikanakhala pamakina mkazi wanga akuyenda pamsewu ndi mwamuna wina.

Tinapeza dokotala wamkazi wochokera ku Ntcheu, wolankhula Chichewa chokhachokha. Anakhazika Fanuel pampando, iye n'kukhala moyang'anizana naye.

"Bambo, tsekani diso limodzi, muziyang'ana mphuno yanga. Mukaona chala chikugwedera munene."

Anayambira chala kutali, cha kukhutu, n'kumachibweretsa pang'onopang'ono. Ife tonse tinkachiona. Fanuel ankangoyang'ana mphuno ya dokotala. Chala chinafika pafupifupi pakati pa nkhope ndi pamene anati, "Icho." Diso linalo chimodzimodzi. Tawonga anagwira pakamwa.

Dokotala anatenga manja a Fanuel n'kuwatembenuza. "Manjawa anali otere kuyambira kale?"

"Ndi mtendere, amayi," anatero Fanuel, koma sanaseke.

"Pali chithunzi chawo chakale? Cha paunyamata?"

"Chilipo kwathu," anayankha Belita msangamsanga.

Tsiku lotsatira anachichotsa pakhoma osandifunsa. Dokotala anachiyang'ana, n'kuyang'ana Fanuel, n'kuchiyang'ananso.

"Akwati ndi awa, eti?"

"Ndine," ndinatero.

"Pepani, bambo." Kenako anafotokoza. Anati pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa, kamene kamalamula thupi kukula. Pakamera chotupa pamenepo, thupi la munthu wamkulu limayambiranso kukula, makamaka manja, mapazi ndi chibwano. Pamwamba pake pamadutsa mitsempha ya maso. Chotupa chikaikanikiza, munthu amayamba kutaya za m'mbali, ndipo chikapitiriza amatsala mumdima. Anati matendawa ndi osowa, iye anangowawerenga kusukulu, ndipo sanganene motsimikiza mpaka makina atajambula m'mutu.

"Ndiye kuti sindinachite mwano?" anafunsa Fanuel.

"Mwano wanji?"

"Pamaliro paja."

Dokotala sanamvetse. Belita ndiye analira.

Ku Mzuzu anamujambula ndipo chotupa chinaoneka. Anamutumiza kuchipatala chachikulu ku Blantyre, kumene kuli madokotala ochita opaleshoni ya ubongo. Madokotala otere ndi ochepa m'dziko muno, odwala ndi ambiri, choncho anadikira. Anamuuza poyera kuti mtsempha umene wangofinyika ukhoza kudzuka, koma umene wafa wafa. Tawonga anasiya ntchito n'kukakhala gadiyani, akugona pansi pafupi ndi bedi. Pafoni ankatiuza kuti bambo ake akuona ngati munthu wosuzumira m'paipi, ndipo paipiyo ikucheperachepera.

Kumudzi nkhani inatembenuka. Akulu ampingo anamupempherera Lamlungu lililonse. Rabson ankauza aliyense kuti iye anadziwa kale kuti Longwe sanganyade. Onse ankatamanda anyaManda, ndiye Belita wangayo, kuti ndi amene anazindikira. Belita anayesa kunena kuti, "Anaona ndi a Killion," koma anthu ankangoti, "Ee, ee," n'kupitiriza kumutamanda. Belita anayanika usipa, anasinja ufa wa kondowole, n'kutumiza pa basi. Foni ikalira ankapita nayo kuseri kwa nyumba, amati kumeneko ndi kumene netiweki imagwira. Ndinkamva akuseka. Ine ndinasoka jekete latsopano la muyeso wa Fanuel, chifukwa Belita anati ku Blantyre kumazizira.

Fanuel anabwerera mango atayamba kupsa. Anthu anadzaza pakhomo pake kudzaona chipsera. Anavula chipewa. Mutu unali wosalala, wopanda ngakhale kachingwe.

"Iwe Longwe," anatero Rabson, "wangokadya mpunga wa boma. Opaleshoni ili pati?"

"Anandilowera m'mphuno, ada, ngati fodya wa agogo. Ndinadzuka mphuno ili yodzaza thonje, ndikupumira pakamwa ngati kampango."

Anthu anaseka, ena osakhulupirira mpaka Tawonga atavomereza. Mutu unali utasiya kupweteka. Thukuta linachepa, zala zinaphwerako, ngakhale anamuuza kuti mafupa akakula sabwerera. Za maso anati mbali yakumanja yatseguka, ndipo anaiyesa pomwepo, akutchula mayina a amayi amene anakhala kumanja kwake iye osacheuka. Aliyense wotchulidwa ankalulutira. Yakumanzere anati idakali yotseka, koma madokotala anena kuti mwina ibwera pang'onopang'ono, adikire.

Anagwira manja a Belita pamaso pa onse. "Alamu, mukanapanda inu bwenzi ndili mumdima."

Ine ndinali pomwepo, kumanzere.

Njinga anamuletsa. Anaipereka kwa mphwake, dengu lomwe. Anabwezeredwa pakhomo la tchalitchi, ndipo kumeneko zinkamuyendera, chifukwa olowa onse amabwera kutsogolo. M'njira ankayenda akutembenuza mutu uku ndi uku ngati nkhuku, kuopa kudutsa munthu. Miyezi inapita. Akafunsidwa za kumanzere ankati, "Kukubwera, ada, kukubwera." Sindikudziwa ngati ankakhulupirira.

Ankafunika kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku ndiponso kukayezetsa magazi kawirikawiri. Tawonga atapeza ntchito ina yophika ku Mzuzu, anaganiza zomutenga kuti akhale pafupi ndi chipatala. Fanuel anatsanzika ku tchalitchi. Ine Lamlungu limenelo msana unandigwira.

M'mawa wa ulendo wake, ine ndi Belita tinkachokera kumunda. Kanjira ka kwa Fanuel kopita kumsewu wa tala n'kopapatiza, chinangwa uku ndi uku. Tinamva belu kumbuyo, ndipo tinapatuka, Belita kumanja, ine kumanzere. Anali wakabaza atanyamula Fanuel, atavala jekete lija. Tawonga anali atatsogola ndi katundu.

Fanuel anamenya wakabaza pamsana. "Ima, ima!"

"Ada, minibasi itisiya."

"Ima, ndati."

Anatsika movutikira, mwendo umodzi kenako wina. Anavula chipewa. Anapita kwa Belita n'kumugwira dzanja ndi manja onse awiri, n'kumupatsa moni m'chiyankhulo chakwathu.

"Timoneni, alamu. Mwe uli?"

"Nde umampha, ada. Ndiye mwanyamukadi?"

"Ndanyamuka. Ndikukadya kabichi wa ku Mzuzu, ine mwana wa usipa."

Ndinali pafupi moti ndikanatambasula dzanja ndikanakhudza phewa lake. Belita anandiyang'ana, n'kutsegula pakamwa. Ndinamupukusira mutu. Ndinkafuna ndione ngati mbali yakumanzere ingandipeze yokha.

"Mukawauze ada Killion kuti jekete lawo landisunga," anatero Fanuel. "Munthu uja salankhula, koma singano yake siinama."

Anagwirabe dzanjalo, nthawi yaitali kuposa imene moni amafuna. Kenako anavala chipewa, anakwera, nkhope kutsogolo. Diso lake lamanzere linali lotsegula, loyera bwinobwino, ndipo linadutsa pa ine ngati likudutsa pa chitsa. Njinga inatsetsereka n'kukhota.

Belita anasenza khasu lake.

"Ada, ngakhale kukhosomola chabe kuti adziwe kuti mulipo?"

"Ndilibe chifuwa," ndinatero.